Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Nkhani ya Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi timaikonda chifukwa cha nyimbo ya pakati pa usiku ija. Tisanafike pa nyimboyo, tiyambe taona misana yawo. Pa Machitidwe 16 timamva kuti akuluakulu a mzinda anawang'ambira zovala anthu akuona, nalamula kuti akwapulidwe ndi ndodo. Atawatupitsa mikwingwirima anawaponya m'chipinda cham'katikati, mapazi n'kuwapana m'zigologolo. Munthu wa zilonda kumsana sangagone chagada, ndipo wa m'zigologolo sangatembenuke. Woyang'anira ndende anadzawatsuka mabala chivomezi chitachitika kale, ndiye kuti pamene ankaimba magazi anali asanapukutidwe.

Kutacha, oweruza anatumiza mawu kuti anthu aja amasulidwe azipita. Paulo anakana. Anawakumbutsa kuti anakwapula nzika za Roma poyera popanda kuzenga mlandu, choncho abwere okha adzawatulutse. Anabweradi, napepesa. Atatuluka, awiriwa anapita kwa Lidiya kukalimbikitsa abale, kenaka n'kuchoka mumzindamo. Usiku umodzi ndi m'mawa wake, anthu omwewo anaimba, anaimirira pa malamulo a dziko, anazonda nkhosa, nachoka pamalo oopsa. Maulaliki ambiri amatola nyimbo yokha n'kusiya zinazo, n'chifukwa chake mtumiki akakumana ndi mazunzo enieni amadabwa kuti nyimbo ikukana kutuluka pakhosi. Chimwemwe cha m'mazunzo chili ndi mizati yochigwira, ndipo mizatiyo amaizika kusanapse, monga zinapanganirana nkhanga.

Poyambira ndi kudzifunsa moona mtima ngati chatigwerachi n'chizunzodi. Petro anachenjeza pa 1 Petro 4:15 kuti Mkhristu asamve zowawa monga wakupha, wakuba, wochita zoipa kapena wolowerera za eni. Mbusa amene akulu a mpingo amufunsa kumene kwapita chopereka sakuzunzidwa, akungofunsidwa. Mpingo umene anthu oyandikana nawo adandaula kuti zokuzira mawu zikuwalepheretsa kugona mpaka mbandakucha ukufunika kutsitsa phokoso basi. Funso lothandiza ndi ili: nditasiya khalidwe limene akundinenerali, koma osasiya Khristu, kodi angandileke? Ngati angakulekeni, konzani khalidwelo ndipo mupepese. Ngati angakulekeni pokhapokha mutamukana Yesu, kapena mutasiya kusonkhana ndi kuphunzitsa, pamenepo ndiye mwafika pa Mateyu 5:10, pomwe Yesu akuti ndi odala ozunzidwa chifukwa cha chilungamo.

Cha m'chaka cha 112, bwanamkubwa Pliny wa chigawo cha Bithynia analembera mfumu Trajan ya Roma kufunsa chochita nawo Akhristu. Anali atafufuza, ndipo zimene anamva n'zakuti ankasonkhana tsiku loikika dzuwa lisanatuluke, n'kuimbira Khristu monga Mulungu, n'kulumbira kuti sadzaba, sadzachita chigololo, sadzaphwanya lonjezo, ndiponso sadzakana kubweza chimene anawasungitsa. Wowazenga mlanduyo ndiye anawachitira umboni. Umboni wotere umafunika chifukwa chizunzo sichibwera chitavala dzina lake. Ku Filipi chimene chinawawa ambuye a mtsikana woombeza amene Paulo anamutulutsa mzimu woipa chinali kutha kwa phindu lawo, koma kubwalo anakanena kuti Ayuda awa akusokoneza mzinda. Mpaka lero mlandu umalembedwa kuti kuba, kusokoneza mtendere, kumanga popanda chilolezo kapena kulowerera ndale. Choncho tsekani mipata imeneyi kudakali bata. Chopereka awerenge anthu awiri osakhala a banja limodzi, alembe, asayine onse. Ndalama isatuluke ndi siginecha ya munthu mmodzi. Lisiti lililonse lisungidwe, ndipo lipoti liwerengedwe pamaso pa mpingo nthawi yoikika. Zikalata za kaundula wa mpingo ndi za malo zikhale zosatha ntchito, makope ake ali m'nyumba ziwiri zosiyana. Mtumiki asapereke uphungu kwa munthu m'chipinda chotseka pomwe palibe wina pafupi. Zimenezi zimaoneka ngati za mu ofesi chabe, koma tsiku la mlandu wabodza ndi zimene zimakulolani kugona tulo.

Mzati wina ndi mmene mpingo unamangidwira. Ozunza amadziwa kuti ukakantha mbusa nkhosa zimabalalika, ndiye amayambira pamutu. Ngati makiyi, mabuku a ndalama, ubatizo, maliro ndi ulaliki zonse zili m'manja mwa munthu mmodzi, kumugwira iyeyo n'kutseka mpingo wonse. Mu 1982 boma la Derg ku Ethiopia linatseka mpingo wa Meserete Kristos, linalanda katundu wake ndi kutsekera atsogoleri ake ena kwa zaka zingapo. Panthawiyo unali ndi anthu pafupifupi 5,000. Otsalawo anagawana timagulu ta anthu ochepa tokumana m'nyumba, amayi ndi anthu wamba n'kuyamba kutsogolera, ndipo pamene boma lija linagwa mu 1991 mpingowo unatulukira poyera utachuluka kowirikiza kangapo. Ku Madagascar nako, mfumukazi Ranavalona I italetsa Chikhristu mu 1835, amishoni anachoka atamaliza kumene kusindikiza Baibulo m'chinenero cha kumeneko. Akhristu anabisa mabukuwo, ena anaphedwa monga mayi wina dzina lake Rasalama mu 1837, koma pofika 1861 pamene mfumukaziyo inamwalira, okhulupirira anali ochuluka kuposa pachiyambi.

Sindikutchula zimenezi kuti tinene kuti mazunzo amakulitsa mpingo nthawi zonse. Kuli madera kumene mipingo yakale inafota mpaka kutheratu. Chimene ndikuona m'nkhani ziwirizi n'chakuti Mawu anali m'manja mwa anthu wamba, ndipo ntchito inali yogawana. Ndi zomwe Paulo anauza Timoteo pa 2 Timoteo 2:2, pomwe vesi limodzi lanyamula mibadwo inayi: Paulo, Timoteo, anthu okhulupirika, ndi ena amene iwowo adzawaphunzitse. Pochita zake, kagulu ka m'nyumba kasapitirire anthu 8 kapena 10, chifukwa kakakula kamaonekera komanso ofooka amabisalamo osadziwika. Kagulu kalikonse kakhale ndi otsogolera awiri. Udindo uliwonse mumpingo ukhale ndi wachiwiri amene waugwirapo kale mwini wake akuona, osati wongolembedwa dzina. Ndipo anthu aloweze Malemba pamtima ndime zathunthu, monga Salimo 23, Aroma 8 kapena Afilipi 2, chifukwa buku amalanda. Mu 303 mfumu Diocletian inalamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndi Malemba atenthedwe.

Masiku ano chimene chimapereka abale kawirikawiri ndi foni. Foni imodzi ikalandidwa imaulula mayina, nkhope, malo okumanira ndi maola ake. Kumene zinthu zavuta, musasunge mndandanda wa mamembala m'foni, musajambule nkhope pa ubatizo, ndipo gulu la mauthenga lisakhale limodzi la mpingo wonse. Munthu amene wangotembenuka kuchokera kubanja lodana ndi chikhulupiriro chake musamuike pa intaneti, ngakhale umboni wake utakoma bwanji. Inu mudzalandira mayamiko, iye adzalandira ndodo.

Nanga kuthawa? Apa atumiki ambiri amavutika ndi chikumbumtima, poopa kufanana ndi wolipidwa wa pa Yohane 10 amene amasiya nkhosa akaona mmbulu. Koma Yesu yemweyo anati akakuzunzani mumzinda uwu thawirani wina. Paulo anatsitsidwa mu dengu pa linga la Damasiko usiku. Bishopu Cyprian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, anabisala pa chizunzo cha mu 250, akutsogolera mpingo kudzera m'makalata. Ena anamunena, komabe mu 258 nthawi yake itakwana anaima osagwedezeka mpaka kudulidwa mutu. Bishopu Polycarp wa ku Smyrna, nkhalamba imene inati yatumikira Khristu zaka 86, nayenso anayamba wachoka mumzinda abale atamuumiriza. Nkhani ya imfa yake imatchulanso munthu wina dzina lake Quintus, amene anakadzipereka yekha kwa olamulira nakopa anzake kutero, koma ataona zilombo anachita mantha n'kukana chikhulupiriro. Olemba nkhaniyo ananena poyera kuti sayamikira odzipereka okha. Kulimba mtima kodzionetsera kumatha msanga, ndipo kumasiya ena m'mavuto.

Chimene ndimachiona m'buku la Machitidwe n'chakuti Paulo nthawi zambiri sankagamula yekha. Abale ndiwo anamuperekeza ku Kaisareya, abale ndiwo anamutulutsa usiku ku Tesalonika, ndipo ku Efeso atafuna kulowa m'bwalo la masewera mmene munali chipolowe, ophunzira anamuletsa. Munthu amene ali pakati pa moto saona bwino, mantha kapena manyazi zimamukoka. Choncho mpingo ugwirizane kudakali mtendere kuti ndi anthu ati atatu amene adzanene kuti abusa chokani kapena khalani, ndipo abusawo alonjeze kuwamvera. Atatuwo afunse zinthu zooneka: kodi akufunidwa ndi mtumiki yekha kapena nkhosa zonse? Kukhalapo kwake kukuteteza anthu kapena kukuwaitanira ngozi? Akachoka, atsala ndani wodyetsa, woyendera odwala ndi woika maliro? Mkazi ndi ana afunsidwe maganizo awo, chifukwa mtengo wake amalipira nawo ngakhale kuti sanadzozedwe.

Za malamulo ndinene mwachidule. Ndime 18 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha United Nations cha mu 1948 imateteza ufulu wa chipembedzo, kuphatikizapo kusintha chipembedzo ndi kuchionetsera poyera, ndipo malamulo aakulu a mayiko ambiri amanena zofanana. Kudandaula kubwalo sikusowa chikhulupiriro, Paulo anachita apilo mpaka kwa Kaisara. Chimene chimagwetsa milandu ndi kusowa umboni. Lembani tsiku lomwelo deti, ola, malo, mawu amene ananenedwa ndi mayina a mboni. Wovulala apite kuchipatala msanga ndipo atenge chikalata cha dokotala mabala asanapole. Musakokomeze. Mukanena kuti anabwera anthu 50 pomwe anali 15, bodza limodzilo lidzadya zoona zonse. Ndipo loya mumudziwe nkhani isanagwe.

Tsopano chimwemwe chenichenicho. Pali chiphunzitso china chimene chimapweteka atumiki kuposa ndodo, chonena kuti wokhulupirira weniweni salira, saopa, ndipo nthawi zonse amayankha kuti zonse zili bwino. Malemba sanena choncho. Paulo analemba pa 2 Akorinto 1:8 kuti ku Asiya analemedwa koposa mphamvu zake mpaka kutaya chiyembekezo chokhala ndi moyo. Yeremiya atamenyedwa ndi wansembe Pasuri n'kuikidwa m'zigologolo, m'chaputala 20 chomwecho akutamanda Yehova pa vesi 13, pa vesi 14 n'kutemberera tsiku limene anabadwa. Amene anaika maliro a Stefano anamulira kwambiri. Pa 2 Akorinto 6:10 chisoni ndi kukondwera zaikidwa mu mpweya umodzi. Chimwemwe chimene atumwi anatuluka nacho m'bwalo la akulu atakwapulidwa, pa Machitidwe 5:41, chinali ndi chifukwa chake chotchulidwa: anayesedwa oyenera kunyozedwa chifukwa cha Dzina la Yesu. Sankakondwera ndi ululu. Ankakondwera kuti ali mbali imodzi ndi Mbuye wawo, ndipo zimenezo zimatheka misozi ili m'maso. Mtumiki wokakamizidwa kumwetulira amabisa bala, ndipo bala lobisika limatukusira. Mpatseni Salimo 13, 42 ndi 88 kuti apemphere mawu ake mokweza. Salimo 88 limathera mumdima popanda vesi lotonthoza, komabe Mulungu analilola kukhala m'buku la mapemphero a anthu ake.

Onani mmene Mulungu anasamalira Eliya pa 1 Mafumu 19. Yezebeli atamuopseza, mneneri anathawira ku Beeriseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu, n'kupempha imfa. Kusiya mnzake kuja ndiko kulakwa kumene otopa ambiri amachita. Mngelo sanamudzudzule. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, namuleka agonenso, n'kumudyetsanso kachiwiri. Ku Horebu Mulungu anamufunsa kawiri chimene akuchita kumeneko, namumvetsera akubwereza dandaulo lomwelo. Atatero ndi pamene anamupatsa ntchito yooneka, namutchulira Elisa wodzayenda naye, n'kumukonza maganizo kuti sanatsale yekha, alipo 7,000. Ndondomeko imeneyi tisaitembenuze. Tulo ndi chakudya zibwere poyamba, kumvetsera kutsatire, malangizo pambuyo. Munthu amene wamenyedwa kapena kutsekeredwa amatha kulota zoopsa, kudzidzimuka chitseko chikagogodwa, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa, kapena kupewa njira imene zinamuchitikira. M'masabata oyamba zimenezi n'zachibadwa, thupi likadali tcheru. Zikapitirira mwezi, kapena akayamba kulankhula zofuna kufa, mupite naye kwa dokotala kapena mlangizi wophunzira ntchitoyo, mapemphero akupitirira. Musamuimike pa guwa sabata yomweyo kuti achitire umboni.

Zosunga mtima tsiku ndi tsiku n'zazing'ono. Lamulo loletsa kupemphera litasainidwa, Danieli anagwada katatu pa tsiku monga ankachitira kale. Mawu akuti kale ndiwo ofunika, chizolowezi chimene sichinalipo pa mtendere sichibadwa pa nkhondo. Ikani nthawi yoikika ya pemphero ndi Mawu, ngakhale mphindi 20, yosiyana ndi yokonzekera ulaliki. Poyamika tchulani zinthu ndi mayina ake, monga mlongo amene anabwera ngakhale ankaopa, kapena mwana amene wagona bwino usiku wapitawu. Khalani ndi munthu mmodzi kapena awiri amene mungawauze kuti lero ndikuopa, iwo osakuchepetsani. Ndipo tsiku lopuma lisafe chifukwa choti nthawi ndi yoipa.

Mdani wamkulu wa chimwemwe ndi kuwawidwa mtima. Kumalowa mwakachetechete, ndipo kumayamba kumveka mu ulaliki: lemba lililonse limathera pa adani athu, ndipo nkhosa zimabwerera kwawo zitadya mkwiyo. Mankhwala amene Yesu anapereka ndi kupempherera ozunza, ndipo amagwira bwino ukamutchula munthuyo dzina n'kumupemphera zabwino zenizeni, monga thanzi, ana ake ndi kutembenuka mtima kwake. Masiku oyamba pakamwa pamalemera. Pitirizani. Koma tisasokoneze zinthu zitatu. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu. Kuthetsa mlandu kubwalo ndi nkhani ina, imene iyenera kuganizira chitetezo cha ena. Kukhulupiriranso munthu ndi nkhani yachitatu, ndipo imatenga nthawi. Saulo atafika ku Yerusalemu ophunzira anamuopa mpaka Barnaba atamuchitira umboni, ndipo palibe pamene akudzudzulidwa chifukwa cha kusamala kumeneko.

Mbale akatsekeredwa, kukhulupirika kwake kumadalira kwambiri otsala kunja. Yeremiya ali m'chitsime cha matope, Ebedi-Meleki Mkusi anakapempha chilolezo kwa mfumu, koma asanaponye zingwe anakatenga nsanza ndi zovala zakutha, namuuza mneneri kuti aziike m'khwapa kuti zingwe zisamucheke. Chifundo chodziwa ntchito chimaoneka chotero. Paulo ali m'ndende yake yomaliza anapempha chofunda chimene anasiya kwa Karpo ku Trowa, mabuku, makamaka azikopa aja, ndiponso kuti Timoteo afike nyengo yozizira isanayambe. Anakumbukira Onesiforo amene anamufunafuna mu Roma mpaka kumupeza, osachita manyazi ndi unyolo wake. Anakumbukiranso kuti pa kuyankha kwake koyamba palibe anaima naye. Chimene chimalakwika n'chodziwika: sabata ziwiri zoyamba aliyense amabwera, mwezi wachitatu kuli zii. Lembani ndandanda ya oyendera ya miyezi itatu itatu, aliyense ndi tsiku lake. Dziwani malamulo a ndendeyo pa zololedwa kulowa, ndipo mankhwala amene mbaleyo amamwa tsiku ndi tsiku akhale oyamba. Pa tsiku la mlandu abale akhalepo m'bwalo, kuti akacheuka aone nkhope zodziwika. Kunyumba kwake musafunse kuti tikuthandizeni chiyani, chifukwa manyazi amayankha kuti tili bwino. Funsani za lendi, za sukulu ya ana ndi za chakudya, ndipo thandizo lifike tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse. Ana auzidwe zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti bambo kapena mayi sanabe, ali kumeneko chifukwa cha Yesu, ndipo akulu akuchitapo kanthu. Mwana wobisiridwa amadzipangira nkhani yoopsa kuposa yeniyeniyo.

Gawo limene mipingo siikonzekera ndi la pambuyo pake. Mu 250 mfumu Decius inalamula kuti anthu apereke nsembe kwa milungu ndi kulandira chikalata chotsimikizira. Akhristu ambiri anagwa. Ena anaperekadi nsembe, ena anagula chikalatacho osapereka. Chizunzo chitazilala anabwerera akulira pakhomo la mpingo, ndipo mkangano unabuka. Ku Carthage ena mwa amene anapirira m'ndende anayamba kugawa makalata okhululukira anthu mwachisawawa. Ku Roma, mtsogoleri wina wa mpingo dzina lake Novatian ndi omutsatira anati ogwa asalandiridwenso, mpaka anapatuka. Chizunzo cha mu 303 chitatha, mkangano wonena za atsogoleri amene anapereka Malemba kwa asilikali unang'amba mpingo wa kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa 100. Zimene lupanga linalephera, kuweruzana kunazichita.

Wopirira ali ndi yesero lake, lodziona ngati Mkhristu wa pamwamba. Wogwa naye ali ndi lake, lothawa chifukwa cha manyazi osabweranso. Onse awiri amataya chimwemwe. Choncho njira yobwezera ogwa ikambidwe ndi kulembedwa aliyense asanagwe, pamene nkhope za anthu sizinalowemo. Apite kwa wogwayo ndani, ndipo pasanathe masiku angati? Amene anakana atazunzidwa koopsa asayesedwe mofanana ndi amene anathamangira kukana asanakhudzidwe n'komwe, ndipo amene anapereka mayina a abale ali ndi kukonza kwina kwa iwo amene anawapweteka. Kubwerera pa gome la Ambuye ndi kubwerera pa udindo zisiyanitsidwe, chachiwiricho chidikire. Petro anakana Mbuye wake katatu akuwotha moto wamakala, ndipo pa moto wina wamakala m'mbali mwa nyanja anafunsidwa katatu za chikondi, n'kupatsidwanso nkhosa. Msonkhano wa mabishopu umene Cyprian anatsogolera mu 251 unayesa kuyenda pakati: ogula zikalata alandiridwe nkhani ya aliyense itaunikidwa, opereka nsembe alape nthawi yaitali koma asamanidwe mtendere wa mpingo imfa ikayandikira. Posakhalitsa kunamveka kuti chizunzo china chili m'njira. Mabishopu aja anakumananso, nagwirizana kulandira onse amene anali akulapa, ponena kuti sangatumize anthu ku nkhondo atawamana chikho cha Ambuye.